Maliro a Kochi Belghith ku Kef

Hechmi Belghith anamwalira Lachiwiri pa 11 Febuluwale 2014, ali ndi zaka 68. Anagwa m'mbali mwa bwalo la mpira mumzinda wa Kef ku Tunisia akuphunzitsa anyamata, wezulo ili m'khosi. Wailesi zinakumbutsa mbiri yake: wotchinga kumbuyo wa timu ya dziko m'zaka za m'ma 1970, kenako kochi wa matimu asanu.

Lachitatu masana amuna anadzaza msewu kudikira chithatha. Amayi anakhala m'nyumba monga mwa mwambo. Iwo tsiku lawo lokaona manda linali lotsatira.

Sawsen, mwana yekhayo wa malemu, anavala jekete lakuda ndi nsapato zothamangira. Kwa zaka zambiri anali goloboyi wa timu ya amayi, ndipo anamuphunzitsa ndi bambo ake.

Pakhomo anapeza Tahar, mng'ono wa malemu, ataima.

"Ukupita kuti, mwana wanga?"

"Kumanda, bambo aang'ono."

"Udzapita mawa ndi amayi ako."

"Mawa ndikapeza mulu wa dothi. Ndikufuna ndiwaone akutsika."

"Kunjaku kuli anduna, kuli makamera. Ukufuna Tunisia yense anene kuti nyumba ya Hechmi ilibe mwini?"

"Tunisia yense ankawatukwana Lamulungu lililonse timu ikagonja. Amene ankawathira madzi otentha m'mawondo ndine."

Zakia, mayi ake a Sawsen, anayankhulira pamphasa osadzutsa mutu. "Alamu, musiyeni. Liuma limenelo mukulidziwa kumene analitenga."

"Alamu, inunso? Lero?"

Chithatha chinatulukira khomo la alendo, amuna akuchilandizana pamapewa. Sawsen ankangoona nsalu yobiriwira ikuyandama pamwamba pa mitu, kulowera kumzikiti. Anayesa kudutsa, koma Tahar anagwira mphuthu ya chitseko.

M'gulumo munatuluka bambo wina wadazi, wamimba, akutsimphina. Anali Ridha, kaputeni wakale wa timu ya Kef, yemwe tsopano ankagulitsa matayala.

"Ridha, tamuuze mwanayu," anatero Tahar. "Mwina iwe akumvera."

"Ine? Uyu anandigwirira penate ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Haji. Sandimvera."

Anayang'ana mapazi a Sawsen. Kenako anagwada movutika, bondo likulira, namasula zingwe za nsapato ya mtsikanayo yakumanja. Anazimanganso mfundo ziwiri, nkumenya kawiri pa chala chachikulu.

Sawsen anaphimba pakamwa.

"Ndiye chiyani chimenecho?" anafunsa Tahar.

"Simunakhalepo pabenchi yawo, Haji," anatero Ridha asanadzuke. "Kochi sankatchula dzina la wolowa m'bwalo. Ankagwada m'matope, suti ili m'thupi, nkumumangira yekha nsapato. Akatero unkadziwa kuti walowa."

Anamanganso yakumanzere.

Chithatha chinali chitakhota kale pa ngodya ya ophika buledi. Tahar anayang'ana mfundo zija, nayang'ana msewu. Dzanja lake linali likadali pa mphuthu.