Pamwamba pa Sitima ya a Suwedi

"Kodi pamwamba paja panali chiyani?"

A Suwedi anafunsa funsoli maso ali pa sitima yawo. Mwana wawo Madina anali kusita diresi pabedi. Mkazi wawo Esime ankasankha mpunga m'mbale imene anaiika pamiyendo, chifukwa patebulo panalibe malo. Patebulo panali sitima.

Sitimayo inayambira kumapeto kuno kwa tebulo n'kukathera kumapeto uko. A Suwedi anaipanga ndi timatabwa ta mabokosi otayidwa amene ankatola ku Marlboro, kumene ankagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu. Anaiyamba Madina akadali pasukulu. Tsopano chinali chaka cha 1988, Madina anali atayamba ntchito ndipo anali ndi womufunsira, koma sitima inali isanathe.

Inali chifanizo cha sitima ya panyanja imene a Suwedi anakwera ali mnyamata, kuchoka kwawo ku Makanjira popita kukalembetsa ulendo wa ku Joni. Lamulo lawo popanga linali limodzi: munthu wamkulu ndi kamtengo ka machesi, zina zonse zitsatire pamenepo. Chitseko chilichonse ankachiyesa ndi kamtengo ka machesi, benchi iliyonse chimodzimodzi. Kunsi kwa sitimayo kunali zonse. Kunali mabenchi, mpopi wa madzi, timatumba ta usipa tosokedwa ndi nsalu ya thumba la ufa, ndi timadengu ta nkhuku topanda nkhuku, poti shehe anawauza kuti Msilamu sasema chinthu chamoyo. Kunalinso makwerero opita pamwamba, okhala ndi kachitseko kawaya. Makwererowo ankathera m'malere.

Vuto linali pamenepo. A Suwedi anayenda ulendo wonse uja kunsi, pakati pa matumba. Pamwamba pankakwera azungu, amwenye olemera ndi akuluakulu a boma, ndipo pachitseko paja pankaima munthu wosaseka. Anzawo onse a kumzikiti amene anaikwerapo sitimayi nawonso anayenda kunsi. Aliyense ankadziwa fungo la kunsi, palibe ankadziwa za pamwamba.

Esime anabadwira ku Joni komweko, mu Alexandra momwe banjali linkakhala. Chichewa anachiphunzira kwa bambo ake, munthu wa ku Machinga amene anakalambira m'migodi. Nyanja anali asanaione. Madzi ambiri amene anawaonapo anali a mtsinje wa Jukskei ukadzaza.

"Bambo a Madina," anatero, "ingoikanipo denga basi. Ndani adzadziwe?"

"Ndiname?"

"Ndi bokosi la tomato ilo."

"Linali bokosi la tomato," anatero a Suwedi mofatsa, akupukuta fumbi ndi nthenga.

Masiku ena onse Esime akanangoisiya nkhaniyo. Anali atazolowera kudyera pamiyendo. Koma kumapeto kwa mwezi kunkabwera amalume a Vusi, mnyamata wa ku Soweto amene ankafuna Madina mpaka anayamba kupita kumzikiti ndi kapu yobwereka. Ankabwera kudzakambirana za ukwati. Esime anali atalumbira mumtima kuti anthu amenewo sadzabwerera ku Soweto kukanena kuti kwa Manyasa kuja anawadyetsera pamaondo. Tebulo ankalifuna. Kungoinyamula sitimayo sizikanatheka, chifukwa a Suwedi anakhomera timatabwa toichirikiza patebulo penipenipo kuti isapendekeke, ndipo ankati misomaliyo idzazulidwa tsiku limene sitima idzathe.

Choncho Esime anayamba kufunsafunsa. Anafunsa pamzere wa matekisi, anafunsa kwa amayi ogulitsa magwinya, mandasi a kumeneko, anafunsa ngakhale kumaliro. Pomaliza mayi wina anamuuza za bambo wina wa ku Nkhata Bay, wophika m'nyumba ya mzungu ku Midrand, amene akuti anali woperekera zakudya m'sitima yomweyo.

Dzina lawo anali a Macdonald. Anafika Lamlungu masana atamanga tayi yofiira, nsapato zikuwala. Atalowa anaima pakhomo, anavula chipewa n'kuiyang'ana sitima nthawi yaitali.

"Hawu, achimwene! Ndi yomweyi. Ndikumva ndi fungo lomwe."

"Fungolo ndi la nkhuku," anatero Madina.

"Ndiye ndafika nthawi yabwino, mwana wanga."

Anadya mbale ili pamaondo, osadandaula. Anamaliza ntchafu, anaphwanya fupa, anapempha msuzi wina. Atasamba m'manja ndi pamene a Suwedi anayandikira ndi pensulo.

"Tiuzeni, achimwene. Munthu akadutsa pachitseko apa, ankaona chiyani?"

A Macdonald anatseka maso. "Ukadutsa chitseko, umakwera makwerero. Makwerero ake si wamba. M'mbali mwake muli chogwirira chamkuwa, chonyezimira moti umadziona nkhope."

"Kenako?"

"Kenako umafika pamwamba." Anatsegula maso n'kuyang'ana wotchi. "Eish, tekisi ya ku Midrand sidikira munthu. Zotsalazo Lamlungu likubwerali. Alamu, dzanja lanu ndi lodalitsika."

Mlungu wonse a Suwedi anakhalira kupinda kawaya kamkuwa kamene anasolola m'chingwe chakale cha wailesi. Ankaimba nyimbo chamumtima. Esime anali asanawaonepo akusangalala chonchi chibadwire Madina, koma pamwamba pa sitima panali pakadali pambalambanda.

Lamlungu lotsatira a Macdonald anabweranso, tayi yobiriwira. Anadya chiwindi ndi anyezi. Atatha anapereka mipando.

"Mipando yake yansalu, yopinda, yogonera chagada. Mzungu amagonapo nyuzipepala itaphimba kumaso, iwe n'kumaima pambali ndi tiyi mpaka azizire."

"Inali ingati?"

"Yambiri."

"Inayang'ana kuti?"

"Kumadzi, achimwene. Mukuganiza kuti munthu angakwere pamwamba kuti aziyang'ana khoma?"

"Nanga kuseri kwa mipandoyo?"

"Kuseri kunali piyano, kudzanja lamanja. Koma za piyano n'zofunika nthawi." Anayang'ananso wotchi.

Atachoka, Esime anaima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno. Tebulo analibe, ndipo tsopano ankaphikira munthu wina wowonjezera. Mlendo anamuitana yekha. Analibe woti amukalipire.

Ulendo wachitatu piyano inasamukira kumanzere.

"Mlungu watha munati kumanja," anatero Esime ali kumbaula.

"Zimatengera kumene sitima yalowera, alamu. Ikamapita kumpoto ndi kumanja, ikamabwerera ndi kumanzere."

A Suwedi anagwedeza mutu ngati amva nzeru zakuya. Madina anathamangira panja atatseka pakamwa. Esime anawayang'anitsitsa a Macdonald akunyambita zala, ndipo anaona kuti pa liwiro limeneli adzafika pachumuni cha sitima Madina ali ndi ana awiri. Kaya munthuyu anakweradi pamwamba, kaya ankangotsuka mbale kunsi n'kumamva za anzake, Esime analibe nazo ntchito. Chimene ankafuna n'chakuti zonse zimene zili m'mutu mwake zituluke tsiku limodzi.

Lamlungu lomaliza alendo asanabwere, anaphika mpunga wa nyama ya mbuzi, wothira zonunkhira zimene anakagula kwa amwenye ku Fordsburg. Fungo linafika mpaka kumsewu. A Macdonald analowa akumwetulira, tayi yachikasu, nakhala pamalo pawo. Esime anaphula poto, anamuika pampando pafupi nawo, anatsegula chivundikiro pang'ono n'kutsekanso. Kenako anakhala pansi n'kutenga zoluka zake.

"Alamu," anatero a Macdonald patapita kanthawi, "chakudya chikazizira chimataya ulemu."

"Sichizizira msanga chimenecho. Lero tiyamba ndi sitima, alamu. Poto atsegulidwa tikafika kumbendera."

"Kumbendera? Ndi kumapeto kwenikwenitu kumeneko."

"Yebo."

A Macdonald anayang'ana a Suwedi kuti awathandize, koma a Suwedi anali kusongola pensulo ndi lezala, osaona kanthu. Anayang'ana poto. Anamasula tayi pang'ono.

Zimene zinatuluka masana amenewo! Chipinda chodyera chokhala ndi mawindo ozungulira. Zipinda zogona, chilichonse ndi beseni lake. Bafa la kaputeni. Belu lamkuwa. Kachipinda ka chiwongolero, ndi mpando wautali umene woyendetsa ankakhalapo. Mabwato opulumukira atapachikidwa m'mbali. Akaima kuti apume, Esime ankangogwira chivundikiro n'kuchisuntha pang'ono, nthunzi n'kutuluka, ndipo a Macdonald ankakumbukira zina. Anakumbukira ambulera yaikulu yamizeremizere. Anakumbukira miphika ya maluwa. Anakumbukira khola la mbalame yolankhula ya mkazi wa kaputeni.

"Khola lokha ndipanga," anatero a Suwedi akujambula mofulumira. "Mbalame ayi."

"Ndipo kumbuyo kwenikweni," anamaliza a Macdonald ndi mawu osasa, "mbendera. Alamu, chonde."

Esime anawapakulira mbale yodzaza mpaka m'mphepete, ndipo anawawonjezera asanapemphe.

Mlungu umenewo a Suwedi ankachoka ku Marlboro chothamanga. Piyano anaipanga ndi kabokosi ka machesi, ambulera ndi nsalu ya diresi lakale la Madina, mabeseni ndi zitsekerero za mankhwala otsukira mano. Chilichonse ankayamba achiyesa ndi kamtengo kawo ka machesi. Lachisanu atabwerako kumzikiti anamata mbendera, anabwerera m'mbuyo, anati alhamdulillah, natenga hamala. Misomali inatuluka ikulira. Iwo ndi Madina ananyamula sitima ngati wodwala n'kuikweza pamwamba pa kabati.

Esime anatsuka tebulo ndi sopo ndi madzi otentha. Linali ndi mabowo ndi zipsera za guluu, koma atayalapo nsalu yoyera palibe akanadziwa.

Amalume a Vusi anafika Loweruka, amuna awiri ovala majekete ndi mayi mmodzi wa duku lalikulu. Anakhala kutebulo, anadyera patebulo, anaika zigongono patebulo. Esime ankangozungulira ndi tiyi mtima uli m'malo. Nkhani ya ukwati inayamba mouma, mbali iliyonse ikuyeza inzake, mpaka malume wamkulu anakweza maso.

"Hawu, madala! Ndani anapanga chimenechi?"

Anachita kukwera pampando kuti aone bwino. Mnzake anamutsatira. A Suwedi anawaonetsa kumene anagona, pafupi ndi mpopi, ndi thumba limene anatsamira. Malume wamkulu anati iye anayendapo chimodzimodzi pasitima ya pamtunda, m'bogi ya kumapeto, mbuzi ya munthu wina ikumudyera jekete. Anaseka onse. Pamene anatsika pamipando, za Vusi ndi Madina zinatha mosavuta, ndipo mayi wa duku uja potsazika anayamikira nsalu ya patebulo.

Masiku otsatira, banja linadyera patebulo ngati anthu ena onse. A Suwedi akabwera kuntchito ankakhala pampando manja ali pamaondo. Ankayang'ana sitima pakabati, kenako ankayang'ana Esime.

"Anyezi ameneyo ukumudula mokhuthala," anatero Lolemba.

Esime anangopitiriza kudula.

Lachiwiri a Suwedi anakonza chitseko chimene sichinali chowonongeka, ndipo chinayamba kulira. Lachitatu anasanja zitini za mukabati motsatira kutalika kwake, moti Esime anathira shuga mu ndiwo. A Suwedi anamufunsa chifukwa chake amagula sopo wobiriwira osati wofiira. Anamuperekeza kumpopi n'kumuuza kanyamulidwe kabwino ka ndowa. Lachinayi anatenga kamtengo ka machesi n'kuyamba kuyesa magwinya amene Esime ankakazinga.

"Awa sakufanana. Ili ndi lalikulu."

"Mudye laling'onolo."

"Sindikudandaula ayi. Ndikungonena."

"Baba," anatero Madina, "bwanji osapita kukacheza kwa anzanu a Tawakali?"

"Ndikacheze chiyani? Kuno kuli ntchito yambiri yofunika maso a mwamuna."

Lamlungu a Macdonald sanabwere. A Suwedi anadzuka m'mawa ndi maganizo osuntha bedi kuti liyang'ane kwina, mbaula ipite pamene pali kabati, kabati ipite pakhomo. Anayamba kuyeza khoma ndi mapazi, akufotokoza. Esime anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anapukuta manja, anachotsa nsalu yoyera patebulo, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'sutikesi.

"Madina, gwira uko."

Anatsitsa sitima pakabati n'kuikhazika patebulo, timatabwa take tikugwera pa mabowo omwe aja. Esime anatenga hamala n'kuwapatsa amuna ake m'manja.

"Pamwamba ponsepa mugumule," anatero. "Muyambirenso."