Apa Musakhudze, Alamu

Pofika Lachinayi, Injiniya anali atakakamira pa gawo lomaliza la ntchito yoyesera. Dzina limeneli anamupatsa ndi apongozi ake aakazi, tsiku limene anawatsegulira foni ataiwala nambala yachinsinsi. Tsopano kampani yaikulu ya zamakompyuta, ija ya nyumba yagalasi lokhalokha, inkafuna wolemba mapulogalamu. Inamutumizira ntchito yoti achitire kunyumba asanapite ku intavyu: pulogalamu yosungitsira malo m'basi. Lamulo linali limodzi, achite yekha.

Zonse zinkayenda kupatula chimodzi. Anthu awiri akasankha mpando umodzi nthawi imodzi, pulogalamuyo inkawapatsa onse.

"Iwe, ukudzizunziranji?" anatero mnzake wokonza naye mafoni, amene ankamutcha Chidule. "Si uli ndi mlamu wako uja amalemba mapulogalamu kuchipatala? Mpatse. Mabwana aja amangoona ngati chikuyenda, sawerenga."

Mkazi wake atamva, anapukusa mutu. "Bambo a mwana, ingowalemberani kuti apa pandikanika. Nsalu yobwereka sithetsa usiwa."

"Unamuonapo ndani atalembedwa ntchito chifukwa chonena kuti zandikanika?"

Anapita kwa mlamu wakeyo, mkulu wake wa mkazi wake, n'kumunamiza kuti n'zongodziphunzitsa. Mlamuyo anakonza pa nthawi yopuma masana. Injiniya atayesa n'kuona kuti mpando ukupita kwa munthu mmodzi, anatumiza pompo osawerenga n'komwe.

Tsiku la intavyu anavala jekete ya pa ukwati, chikepe n'kumutula pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri. M'chipindamo munkazizira ngati m'firiji. Anapeza anthu awiri: bambo wandevu, ndi mayi wa magalasi a chingwe yemwe anali mkulu wa olemba mapulogalamu. Pulogalamu yake inali kale pa sikirini yaikulu pakhoma.

Poyamba zinayenda bwino. Magawo amene analemba yekha ankawafotokoza ngati munthu woonetsa alendo zipinda za m'nyumba mwake, mayiwo akugwedeza mutu. Kenako mayiwo anatsitsa mizere ya pulogalamuyo mpaka pa gawo la mipando.

"Apa ndiye mwatisangalatsa. Tatiuzeni, n'chifukwa chiyani mwayamba mwatsekera mpando musanaone ngati uli ndi mwini?"

"Ndinaona kuti... kuti ndi mmene zimakhalira bwino."

"Tikachotsa mzere uwu chingachitike n'chiyani?"

Thukuta linatsika kumsana, kuzizira konse kuja. Mayiwo anakweza mizere pang'ono. Olemba mapulogalamu amakonda kusiyirana mawu pakati pa mizere, mawu amene kompyuta imangowalumpha koma munthu amawerenga. Pakhomapo panaoneka zilembo zazikulu ngati chikhatho: "Apa musakhudze, alamu, mungagwetse basi yonse. Ndidzakufotokozerani Loweruka mukabwera ndi ana."

Bambo wandevu anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe.

"Alamu ake ndi ati?" mayiwo anafunsa mosakweza mawu.

Injiniya anayang'ana nsapato zake. Analakalaka nsanjika zonse zisanu ndi ziwiri zitang'ambika kuti agwere pansi. "Ndine, mayi. Gawo limeneli linandikanika. Analemba ndi mlamu wanga."

Mayiwo anavula magalasi. "Gawo limeneli tinaliika dala. Ambiri amakakamira pomwepa. Timafuna tione amene anganene kuti apa ndalephera, ndinayesa zakutizakuti. Pano pulogalamu imodzi timailemba anthu ambirimbiri. Wosadziwa timamuphunzitsa, koma wobisa kusadziwa kwake amatigwetsera tonse. Zimene munalemba nokha zinali zokwanira kuti tipitirire nanu. Koma ndi izi, sitingathe."

Injiniya anatsika wapansi, masitepe onse, kuopa kukumana maso ndi anthu m'chikepe.

Kunyumba anapeza apongozi ali pakhonde, mlamu uja ali pambali pawo. Apongoziwo anafuula: "Injiniya wathu wafika! Akupatsani mpando wozungulira uja?"

Akanatha kunena kuti akampani ayankha mawa. Koma bodza limodzi linali litamuvula kale. Anaimirira, jekete ili m'manja, n'kufotokoza zonse, ndi za mawu a pakhoma zomwe.

"Alamu, inu munati n'zongodziphunzitsa," mlamuyo anatero. "Mwandibetsa mayeso ine osadziwa."

"Ndinakunamizani. Pepani."

Mkazi wake sananene kuti ndinanena. Anangolandira jekete n'kukaipachika, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mawu.

Loweruka Injiniya anagogoda kwa mlamu wake, ana ali patsogolo, iye ali ndi kope latsopano kukhwapa. Mlamuyo anamuyang'ana kwakanthawi, kenako n'kumukokera mpando.

"Tiyambire pati, alamu?"

"Pamene munati ndisakhudze."

Phunziro: Pofunsira ntchito, onetsani zimene manja anu achita, ndipo pamene mwalephera nenani poyera. Mawu oti "sindikudziwa" amachititsa manyazi kamphindi, koma ntchito ya mwini imadzatchula mwini wake pamaso pa anthu.