Odi wa ku Bergamo

Ine Chrissie ndili ndi pakamwa, Amalawi onse a ku Alexandria, ku America kuno, akudziwa, koma panali funso limodzi limene linkandisowetsa chonena. Mwana wanga Edness ankabwera kusukulu n'kundifunsa m'Chingerezi chakecho kuti agogo ake ankaoneka bwanji. Amayi anamwalira ku Balaka ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chithunzi chawo ndinalibe n'chimodzi chomwe. Choipa kwambiri n'chakuti nkhope yawo inali itayamba kundithawa m'mutu. Zinkandiwawa, koma sindinkauza munthu.

Mu 1984 kuntchito ku Washington ananditumiza ku Milan, ku msonkhano wa masiku atatu. Ndinali nditamva kutchalitchi kuti Bambo Ferdinando, wansembe amene ankajambula anthu pamishoni yakwathu, anapuma ntchito ndipo akukhala ku Bergamo, ulendo wa ola limodzi pa sitima. Mwamuna wanga Gresham anaseka, amvekere ku Italiya si ku Balaka kumene umafunsa munthu pamsika n'kukulozera nyumba yake. Ndinamusiya aseke.

Tsiku lomaliza ndilo linali langa. Ndege inkanyamuka madzulo, choncho sitima ya folo koloko yobwerera ku Milan sinali yoti indisiye. Ndinafika ku Bergamo dzuwa lili paliwombo, n'kugula shuga ndi malalanje, poti kwa akulu sapita chimanjamanja. Kenako ndinayamba kukwera phiri m'timisewu tamiyala ndi nsapato za kuofesi, ndikuonetsa aliyense kapepala ka adiresi. Masitolo ankatsekedwa ine ndikuona. Anthu akumeneko amagona masana ngati ana, ndipo sachita nazo manyazi.

Nyumba ya ansembe okalamba ndinaipeza. Ndinaliza belu, kunatuluka mayi wina wamakiyi m'chiuno. Chingerezi sankachimva. Anaika dzanja patsaya kusonyeza kuti onse agona, n'kundionetsa zala zinayi, chitseko n'kutseka.

Folo koloko, nthawi ya sitima yanga! Mtima unandipsa mpaka malalanje ndinafuna kuwaponya pachitsekopo. Ndinaima pabwalopo ndikutuluka thukuta, ndiye ndinadzifunsa kuti kodi kwathu munthu wamkulu timamuitana ndi belu? Ndinaika katundu pansi, n'kuomba m'manja, n'kukweza mawu monga amachitira mayi wa ku Balaka pakhomo la mnzake.

"Odi! Odi kuno!"

Nkhunda zinauluka. Mayi wamakiyi anatulukanso maso ali psuu, koma asananene kanthu zenera lina la m'mwamba linatseguka, panasuzumira mutu wa imvi.

"Odini," anatero mawu onjenjemera. "Lowani, amayi. Tilipo."

Mayi uja anandipatsa njira yekha.

Ndinkaganiza kuti nkhondo yatha, koma ayi. Bambo Ferdinando anali atatha zaka zisanu ndi zitatu osayankhula Chichewa, ndipo anali nacho ludzu. Anandilonjera mwachikulu. Anafunsa za mvula, za chimanga, za mlatho umene unkakokoloka chaka chilichonse, za anthu amene ena anapita kale kuli chete. Ine ndinkayankha nditagwira m'mawondo, diso likuba pa wotchi. Munthu wamkulu sumudula mawu, ngakhale sitima ikulira. Itakwana fili koloko ndi pamene anafunsa kuti kwagwanji.

Ndinawauza zonse. Nditatchula dzina la amayi, aNangondo, anaseka mpaka kutsokomola. Anati ameneyo ndi mayi amene anawakalipira pagulu chifukwa choumbitsa njerwa nthawi yokolola, ndipo tsopano azindikira kumene ndinatenga mawu aja ndinaodira.

Anatulutsa chitini cha mabisiketi chodzaza zithunzi. Maso awo anali atafooka, choncho kufufuza kunali kwanga. Apa mantha anandigwira. Nanga ndikawapitirira amayi anga osawazindikira? Ndinkatembenuza chithunzi chilichonse n'kuwerenga maina amene analembedwa kumbuyo ndi pensulo. Koma chimodzi sindinachitembenuze. Panali mayi atasenza njerwa zitatu pamutu, akuseka, mpata wa m'mano uli poyera, dzanja lili m'chiuno ngati akufunsa wojambulayo kuti alibe ntchito ina. Anali wamng'ono kuposa ine. Ndinalira mokweza, ndipo sindikupepesa.

"Tenga, mwana wanga," anatero Bambo Ferdinando. "Akhala kuno nthawi yaitali. Apite kwa adzukulu."

Ndinatsika phirilo nsapato zili m'manja, chithunzi chili pachifuwa. Sitima ndinaikwera chitseko chikutsekedwa, ndipo ndinaseka ndekha mpaka ku Milan, anthu akundiyang'ana.

Ku Alexandria ndinachiimika patebulo la pabalaza. Edness anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti agogo akuoneka ovuta, ndipo ndinamuuza kuti sananame. Gresham atalowa kuchokera kuntchito anaima pakhomo, kuseka konse kuja kutatha. Anavula chipewa, ananjuta, maso pansi.

"Muli bwanji, apongozi?" anatero motsitsa mawu.

Sanadutse kutsogolo kwawo. Anazungulira cha kukhitchini, monga amachitira mkamwini waulemu. Tinali titakhala m'banja zaka khumi ndi ziwiri, ndipo aka kanali koyamba kuti munthuyu akhale ndi apongozi oti awaope.