Kadzidzi wa pa Chipupa cha Sukulu

Philomena Mpundu ankakonda Chingelezi monga akazi ena amakondera zitenje, kuchitembenuza, kuchiyang'ana padzuwa, kusankha chokongola. Anachiphunzira kwa masisitere ku Kasama ali mtsikana, nachiphunzitsa m'sukulu za boma mpaka imvi zitamera, ndipo atapuma ntchito manja anayamba kumuyabwa. Kuseri kwa nyumba imene malemu mwamuna wake anamusiyira ku Kanyama kunali zipinda zitatu za lendi. Anatsanzikana ndi okhalamo, anakhometsa mabenchi, n'kutsegula kasukulu. Ana akeake anali atabalalika kalekale, wina ku Kitwe, wina kunja, moti kasukuluko ndiko kankamudzutsa m'mawa. Popanda iko sankadziwa kuti tsiku angalitani.

M'Chingelezi chonse, zomwe zinkamukomera kwambiri pakamwa zinali zining'a za nyama. Ankati mwana wa m'komboni, m'dera la anthu osauka ngati Kanyama, akapita kukafuna ntchito m'tauni amadziwika asanakhale n'komwe pampando, chifukwa Chingelezi chake chimakhala mafupa okhaokha. Wa kumayadi, kumene amakhala olemera, amaponyamo kachining'a kamodzi, mabwana n'kumwetulira, ntchito n'kukhala yake. Kaya zinali zoona kaya ayi, iye ankakhulupirira choncho, ndipo munthu wotero sumutsutsa.

Anali ndi kaphunzitsidwe kakekake, komwe ankanyadira nako kuposa mapepala ake a uphunzitsi. Chithunzi choyamba, mawu pambuyo. Ankajambula pabolodi amphaka ndi agalu akugwa kuchokera m'mitambo, n'kukhala chete, ana azilimbana nacho. Akatopa ndi kulota m'pamene ankawauza kuti Mngelezi akaona chimvula chosaleka amati kukugwa amphaka ndi agalu. Ana ankagubuduka ndi phwete, ndipo chomwe aseka sankachiiwala. Wopambana onse anali Inonge, kamtsikana kowonda ka maso aakuluakulu, kamene kankalakatula zining'azo ngakhale potunga madzi.

Chaka china kunatsegulidwa sukulu ina chapafupi, ya chipupa chowala, chojambulidwa zilembo ndi mabaluni. Makolo a ku Kanyama amasankha sukulu ndi maso, ndiye ena anayamba kusuzumira kumeneko. Philomena nsanje inamugwira. Anaitana Rex, wojambula zikwangwani za mababashopu ndi mabawa, namuuza kuti chipupa chonse cha kumsewu achidzaze ndi zining'a zake. Anamulongosolera chimodzichimodzi. Nkhumba ikuuluka, ndiko kunena chinthu chosatheka. Ng'ona ikukhetsa misozi, ndiko kulira kwachinyengo. Nkhosa yakuda pakati pa zoyera, mphaka akutuluka m'thumba, ndipo pageti penipeni kadzidzi wovala magalasi, poti kwa Angelezi mbalame imeneyo ndiyo mwini nzeru. Mawu a pansi pa zithunzi anati alembedwe pambuyo, ana akayamba alimbana nazo monga mwa nthawi zonse.

Rex anali ndi dzanja, zimenezo palibe angakane. Akanakhala wojambula wamba, mwina bwenzi anthu atangoseka. Koma amphaka ake ankagwa zikhadabo zili pamtunda, nkhumba inali ndi mapiko a mleme, ndipo kadzidzi ankakutsatira ndi maso kuyambira pampopi mpaka pakona. Atamaliza zithunzi anapeza ntchito yaikulu ku Kafue, nalonjeza kuti adzabwera kudzalemba mawu sabata yamawa. Sabata yamawa ya Rex aliyense ku Kanyama ankaidziwa, kupatula Philomena.

Chomwe mphunzitsiyo sanaganize n'chakuti bolodi limayang'ana ana ake, pomwe chipupa chimayang'ana msewu. Tsopano amene ankalimbana ndi zithunzi zopanda mawu anali komboni yonse, ogulitsa makala, makondakitala, amayi opita kumapemphero a masana, ndipo panalibe wowauza yankho.

Woyamba kumuchenjeza anali Norah, mnzake wa zaka zambiri, amene ankakazinga zitumbuwa pageti pomwepo ndipo mwana wake Kumbu ankaphunzira pasukulupo.

"Ba Ticha, vithunzi ni vabwino," anatero Norah, maso ali pachiwaya. "Koma uyu wa pa geti mumuchosepo. Kuno ni ku Kanyama."

Philomena anaseka, nati ndi penti chabe, ndipo kwa azungu kadzidzi ndi mbalame ya nzeru. Norah anayankha kuti azunguwo sakhala ku Kanyama, n'kutembenuza zitumbuwa zake. Nkhani inathera pomwepo. Philomena nayenso anakulira kumudzi, ankadziwa bwino zomwe anthu amanena kadzidzi akalira padenga la munthu. Kungoti zaka zambiri za mabuku zinali zitamuiwalitsa kuti ena amanenabe.

Kenaka mvula inabwera, ija ya ku Kanyama yomwe siipita kulikonse ikagwa. Madzi anaima m'misewu mpaka m'mawondo, anthu akudumpha pamiyala ndi matumba a mchenga, zimbudzi zinasefukira n'kukumana ndi zitsime. Chaka chilichonse zimatero, ndipo chaka chilichonse kolera amatenga ake. Ana awiri a pasukulupo anadwala n'kuchira. Inonge anagwa m'kalasi Lachitatu m'mawa, Philomena anamubereka yekha kumbuyo mpaka kukiliniki, akuwoloka madzi onunkha, nsapato zili m'manja. Loweruka mwanayo anamwalira.

Philomena analira monga sanalirirepo mwana wa munthu wina. Anavala chitenje, namanga duku, n'kupita kunyumba ya maliro. Amuna anali panja pansi pa tenti, akazi m'nyumba pamphasa, akuimba. Atalowa n'kugwada kuti akhale, nyimbo inazilala ngati wailesi yotha mabatire. Mayi amene anali naye pafupi anakoka chitenje chake, nasendera kukhoma. Amake Inonge anadzutsa mutu pamiyendo ya mchemwali wawo. Sanakuwe ayi, analankhula motsitsa, mawu atasasa ndi kulira.

"Mwana wanga anafa akamba vizungu vanu. Anali kuitana vinyama va pa chipupa chanu, chimozi-chimozi, mpaka kadzidzi. Ine amake sananiitaneko olo kamozi."

Philomena anadziwa chomwe chinachitika, ndipo kudziwako kunamupweteka kuposa mawuwo. Mwanayo, thupi litatentha, mutu utasokonezeka, ankabwereza phunziro lomwe ankalikonda. Ankalakatulira aphunzitsi ake. Koma zimenezi ungazinene bwanji kwa mayi amene mwana wake ali m'bokosi? Anakhala pang'ono mwaulemu, n'kutuluka. Ali pakhomo anamva nyimbo ikuyambanso.

Lolemba mabenchi theka anali opanda anthu. Nkhani inali itayenda kale m'maminibasi ndi pamipopi, ndipo poyenda inkanenepa. Ankati mayi uja sukulu anaitsegula ndi chiyani, penshoni ya uphunzitsi yomwe tonse tikuidziwa? Ankati mwamuna wake anafa bwanji? Ankati n'chifukwa chiyani zithunzizo zilibe mawu, ngati si zizindikiro zoti eni ake okha azimva? Wina analumbira kuti anaona kadzidziyo akuphethira. Anthu omwewo ankadziwa za zitsime, ankathira mankhwala m'madzi akawapeza, ena anali atatayapo abale ndi matenda omwewo. Koma madzi oipa amamwa aliyense, ndipo funso lawo linali lakuti bwanji Inonge, mwana amene aphunzitsi ankamukonda kuposa onse.

Philomena anachita zomwe mphunzitsi amadziwa kuchita, anaitanitsa msonkhano wa makolo kuti awaphunzitse. Anabwera ambiri, ena oti analibe ndi mwana yemwe pasukulupo, ndipo onse anakana kulowa m'kati. Anaimirira panja m'matope, iye ali pafupi ndi chipupa, ndodo yolozera ili m'manja. Anayamba bwino. Pa amphaka ndi agalu ena anamwetulira pang'ono. Pa ng'ona yolira mayi wina ananong'ona kuti nawonso aphunzitsiwo analira kwambiri pamaliro. Atafika pa kadzidzi n'kunena kuti ameneyu ndi chizindikiro cha nzeru, bambo wina wokhoma zitseko anafunsa mwaulemu ndithu kuti nzeru zake ziti, poti nzeru za kadzidzi ku Kanyama amazidziwa. Panalibe amene anaseka. Philomena anapitiriza kufotokoza, mawu akuchuluka, Chingelezi chikulowererapo monga chinkachitira akakwiya, ndipo ankaona yekha kuti liwu lililonse likumukankhira kutali ndi anthuwo.

Anaimbira Rex kuti abwere msanga adzalembe mawu aja. Rex anali atamva kale. Anati iye ankangojambula zomwe wauzidwa, dzina lake lisatchulidwe, ndipo foni yake kuyambira tsikulo sinapezekenso.

Ndiye anagula laimu. Anapaka yekha masana dzuwa likuswa mtengo, kuti aliyense aone, kuyambira pa nkhumba mpaka pageti. Zithunzizo ankazikonda, ndipo pofafaniza ankamva ngati akuvomera mlandu womwe sanapalamule. Anthu anaonadi. Madzulo ake nkhani inali yakuti mayi uja wabisa zinthu zake, ndipo munthu sabisa chinthu chosalakwa. Abusa a katchalitchi ka pakona anamutumizira uthenga woti abwere Lamlungu adzamupempherere pamaso pa mpingo kuti amasulidwe. Anaganizira masiku angapo. Akapita, ndiye kuti panali chomasula, akakana, ndiye kuti akuopa pemphero. Sanapite, ndipo anthu ananena zomwe ankayembekezera kuti anena.

Ana ankachepa mwakachetechete. Palibe kholo linabwera kudzatukwana. Mwana ankangosowa Lachiwiri, Lachisanu n'kumuona akudutsa mu yunifomu ya sukulu ya mabaluni, nkhope atalozetsa kwina. Aphunzitsi awiri achitsikana omwe ankamuthandiza anapeza zifukwa zawo zosiyira ntchito. Mwala unagwa padenga kamodzi, koma zinathera pomwepo, ndipo nthawi zina Philomena ankalakalaka akanamugenda ndithu, kuti mwina apeze woyankhana naye. Mantha analipo, koma chachikulu chinali manyazi, oyenda mumsewu womwe wakhalamo zaka zonsezi ana aang'ono akukokedwera m'nyumba.

Potsiriza anatsala Kumbu yekha. Philomena ankamuphunzitsa ngati kalasi yodzaza, masamu, sayansi, kuwerenga, kuimirira kutsogolo ndi choko monga kale. Za nyama sanazitchulenso. Ankadziuza kuti bola mwana mmodzi akubwera ndiye kuti sukulu ilipo, mvula ikatha anthu aiwala, ndipo Januwale wotsatira ayambiranso. Norah anali atasamutsa chiwaya chake pageti n'kupita nacho pafupi ndi siteji ya mabasi, ponena kuti pasukulu palibenso ogula, zomwe zinali zoona.

Tsiku lina chakumasana Norah anabwera, phunziro lili pakati. Sanalowe m'kalasi. Anaima pakhomo, manja akupukuta pachitenje ngakhale anali ouma, napereka moni wautali, kufunsa za miyendo, za ana a ku Kitwe. Philomena anaika choko pansi.

"Ba Ticha, ine niziba kuti ni manzi yanapaya uja mwana," anatero Norah, kunena madzi oipa aja amene anapha Inonge. "Niziba bwino. Koma bantu baleka kugula vitumbuwa vanga. Bakamba ati mwana wanga mwamusiya na moyo dala, ati tili pamozi. Nili na bana banayi, ba Ticha."

Philomena anafuna kumukumbutsa zambiri, koma anayang'ana nkhope ya mnzakeyo n'kuona kuti nayenso sakugona. Anangoti wamva. Anathandiza Kumbu kulongedza mabuku m'chikwama, namuuza kuti kumene akupitako azikhala kutsogolo chifukwa maso ake saona bwino patali. Anawaperekeza mpaka pageti.

Atatuluka mumsewu, Kumbu anatembenuka. Anaima chilili, mapazi pamodzi, manja kumbuyo, n'kuyamba kutsanzika m'Chingelezi chosalala, chomveka liwu lililonse, chonga cha ana a kumayadi. Sanamalize. Norah anamutseka pakamwa ndi chikhatho, maso akuthamanga uku ndi uku kuona ngati amayi a pampopi amva.

"Usakambe ivo pa njira," anamunong'oneza, n'kumukoka dzanja.

Mwanayo ankayenda akucheuka, kudikira yankho monga anazolowera. Philomena yankholo linali pakamwa, lokonzeka. Anayang'ana amayi a pampopi aja, amene anali atasiya kutunga, ndipo anadziwa chomwe yankho lake lingamuchitire Kumbu kumene akupita. Analimeza, natseka geti.