Simenti ya Adokotala

Mmisiri womanga nyumba anagona patebulo la opaleshoni ali maso. Anali atamubaya jekeseni pamsana, moti kuyambira m'chiuno kutsika sankamva kanthu. Nsalu yobiriwira inamutchingira mwendo wake.

Panali patatha chaka chigwereni padenga. Fupa analilumikiza ndi chitsulo, koma bala linkangotuluka mafinya. Mapiritsi anamwa mpaka m'mimba munakana. Dokotala wa mafupa, mayi wamfupi wosachuluka mawu, anamuuza kuti tizilombo tamanga msasa pachitsulopo, pamene magazi safika bwino, ndiye mankhwala akumwa amangodutsa patali. Anati achotsa chitsulo chakalecho, aike china, mankhwala awaike pomwepo. Zikakanika, mwendo udulidwa.

Ali chigonere anamva supuni ikugunda m'mbale. Atasuzumira m'mbali mwa nsalu, anaona dokotala akusakaniza ufa woyera ndi timadzi tonunkha, kenako nkuthiramo mankhwala. Namwino anamunong'oneza kuti imeneyo ndi simenti ya mafupa. Mmisiri anayang'anitsitsa, mtima nkumuwawa. Mayiyo ankangotembenuza pang'onopang'ono, osatsendera, mpweya uli mbwee m'kati.

"Adokotala, pepani," anatero mwamanyazi. "Simenti yotere, kwathu kuntchito munthu amachotsedwa nayo. Ituluka ndi mabowo."

Namwino anaseka mpaka kansalu kakukamwa kanagwedera.

"Bambo, inu mumamanga kuti madzi asalowe," anayankha dokotala osadzutsa mutu. "Ine ndikufuna mankhwala azituluka. Popanda mabowo adzera kuti?"

Zala zake zinali zitayamba kale kuumba timipira tonga mikanda, nkumatitunga pawaya simenti isanalimbe. Palibe kamene kanaposa kanzake. Mmisiri, amene zaka makumi atatu ankanyadira diso lake, anangoti kukamwa yasa. Dokotala anawerenga mikandayo mokweza, makumi awiri ndi inayi, namwino nkulemba, ndipo anaiyala m'mbali mwa chitsulo.

Patatha masabata asanu ndi limodzi dokotala anaichotsa mikanda ija, nkuwerenganso mpaka inakwana. Bala linapola louma. Mkazi wake ankamuseka kuti mwamuna wamkulu wavala mikanda ya m'kati, ya iye sanamugulirepo.

Tsiku lomuyesa kuyenda, mmisiri anafunsa ngati simenti ija angaionenso. Dokotala anati inatayidwa, ntchito yake inatha.

"Pondani, bambo."

Anagwira phewa la mkazi wake, nkutsitsa phazi pansi mosamala ngati akuyala njerwa yoyamba. Kenako phewalo analisiya.