Chala Chachikulu Kunja

Saulos anadula mzere wachisanu ndi bolopeni yofiira, kenaka n'kubweza pepalalo kwa mlongo wake.

"Izi ayi, Muriel. Zina zonsezi ndiwerenga."

Anaima pakhomo la khitchini, m'nyumba ya mayi awo ku Unit L, ku Chitungwiza. Panja amayi a Mvano ankayimba chiyambire m'mawa, kudikira thupi kuti lifike kuchokera kumochale. Pepalalo linali mbiri ya malemu, yoti iwerengedwe anthu asananyamuke kupita kumanda. Mzere wodulidwawo unkati: Mayi Tabitha Nachisale anamenya nkhonya zaka khumi ndi ziwiri, ndipo palibe anawagwetsapo.

"Achimwene, ndanama pati?" anafunsa Muriel.

"Sindinati wanama. Koma ine mkulu wa mpingo ndiime pamaso pa abusa, ndizinena kuti amayi ankamenyana kuseri kwa bhawa la mowa? Unoda kuti vanhu vatiseke?"

Saulos akapanikizika ankathawira m'Chishona, ngati kuti manyazi sangamutsatire kumeneko.

Nkhonyazo Muriel anaziona ndi maso ake ali mtsikana. Pafamu ya fodya kufupi ndi Marondera, kumene agogo awo ochokera ku Dedza anakalambira, Loweruka la malipiro amuna ankajambula bwalo pansi ndi ndodo n'kuitana akazi awiri kuti apezepo choseka. Magulovu kunalibe. Tabitha ankalowa atamanga chitenje m'chiuno, zibakera zili zosavala, ndipo phwete linkatha msanga. Atasamukira ku Chitungwiza anamenyakonso m'holo ina ku Unit D ndi magulovu obwereka, pakati pa nkhonya za amuna, nthawi imene owonera amapita kokataya madzi. Lamba sanalandire, chithunzi sanajambulidwe, dzina lawo silinalembedwe paliponse. Chinatsala n'chizolowezi chimodzi: akanyamula khanda lofumbata manja, ankalitulutsa chala chachikulu n'kuchigoneka pamwamba pa zinzake. "Chala chachikulu kunja," ankatero. "Ukachibisa chithyoka."

Mzerewo ukapanda kumveka lero, sudzamvekanso. Choncho Muriel anapita kwa amuna amene anakhala pansi pa tenti, nagwada pafupi ndi Mackson, mdala amene ankamenya chitsulo choyambitsira nkhonya pafamu paja.

"Sekuru Mackson, auzeni achimwene. Inu munalipo."

Mdalayo anamuyang'ana nthawi yaitali, nsagwada ikutafuna mphepo.

"Wankhonya uja? Si Rosina ameneyo? Wamtali uja?"

Rosina ndi amene Tabitha anamugwetsa kawiri, koma mutu wa nkhalamba unali utagawa kale chipambano mmene unafunira. Muriel anayesa mwana wake yemwe, Rutendo, amene ankatsuka mbale kuseri. Rutendo amamva Chichewa koma amayankha m'Chishona.

"Gogo? Boxing? Aiwa mhamha, musadaro."

Rutendo sanakhulupirire. Iye ankadziwa gogo wa zala zokhota, wolephera kumanga mabatani a bulawuzi ya Mvano. Apa Muriel anamva chisoni choposa chimene anamva kuchipatala tsiku limene mayi ake anamwalira. Mayi ake ankafa kachiwiri, ndipo maliro achiwiriwa ankalira yekha.

Thupi litafika, Saulos anawerenga. Amawerenga bwino Saulos, mawu ake ndi a paguwa. Malemu anabadwa, anabatizidwa, anakwatiwa, anatumikira m'Mvano zaka makumi atatu, asiya ana awiri ndi zidzukulu zisanu. Pamene panali mzere uja anaikapo wake: anali mayi wofatsa. Amayi onse anavomera ndi mitu. Muriel anatsegula pakamwa, koma nyimbo inali itayamba kale, ndipo munthu mmodzi sangapikisane ndi Mvano.

Nthawi yoona nkhope, bokosi linatsegulidwa mpaka pachifuwa. A kumochale analephera kuwongola zala zija, ndiye anangozifumbatitsa n'kuziphimba ndi kansalu koyera. Muriel atafika anawerama ngati akulira, nakweza kansaluko. Chala chachikulu a kumochale aja anali atachipindira m'kati.

Anachigwira. Chinali chozizira ndi chouma, koma chinalola. Anachitulutsa n'kuchigoneka pamwamba pa zinzake, dzanja lamanja kaye, kenaka lamanzere, nabwezeretsa kansalu kaja. Mayi wina wa Mvano anamukhudza paphewa kuti asunthe, pakuti mzere unali wautali.