Firiji Yaimba Foni

Foni inalira m'kachikwama ka malemu pamene bambo ndi mwana wawo wamkazi, mzime wa m'nyumbamo, ankalongedza zovala m'makatoni. Maliro anali atangoikidwa kumene, maluwa a pamanda asanafote n'komwe.

Mzime anayankha, anamvetsera, kenako anaseka mowawidwa mtima.

"Ndi firiji yawo ija ya ku labotale. Akuti yayamba kutentha, amayi abwere msanga."

Firiji imeneyo inali ndi kamakina koimba foni ikasiya kuzizira, ndipo inalibe ulemu ngakhale pang'ono. Inkawadzutsa mayiwo patebulo chakudya chili m'kamwa. Inawachotsa ngakhale pa ukwati wa mzime, keke isanadulidwe.

"Ilire mpaka itope," anatero mzime, n'kuiponya foniyo pabedi. "Mwana wawo weniweni anali firijiyo. Ife tinali alendo chabe."

Bambo anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira diresi ya akazi awo.

"Muli achimwene ako m'firijimo."

Mzime ankadziwa kuti panali chisamba, mnyamata amene anamwalira iye asanabadwe. Zinazo sanazimvepo. Bambo anafotokoza maso ali pansi. Thupi la mwanayo linkapanga puloteni ina yofunika m'magazi, koma maselo ake ankaiumira osaitulutsa, mpaka chiwindi chinawonongeka. Mwana ali pafupi kutsirizika, mayi ake anamudula kachikopa pamkono. M'maselo a kachikopako ndimo anapezamo jini yolakwika, kachidutswa ka malangizo achibadwa, n'kuikopera m'mabakiteriya kuti ichuluke. Moyo wawo wonse unathera pa funso limodzi: puloteniyo imakanirira pati?

"Ndinawachonderera zaka zonsezi kuti tikakwirire kotsalako, anakana. Amayi ako sanalire, mwanawe. Ine ndinasanthula nyumba yonse kufuna sokosi inzake, osaipeza, mwana tinamuika atavala sokosi imodzi. Iwo m'mawa mwake anavala gauni yawo yoyera, ulendo ku ntchito. Sindinawakhululukire, ndipo apita ndisanawakhululukire."

"Ndiye titani, ababa?"

"Tikangokhala pompano, pofika madzulo zonse zasungunuka. Apumule mwana wanga."

Anatero pakamwa, koma dzanja linali kale m'thumba kufufuza makiyi a galimoto. Mtima wa munthu, abale! Chimene anachipempha zaka zonsezo chinali chabwera chokha pakhomo, iwo n'kuchiopa.

Pamsewu galimoto zinali zothinana, zikuyenda ngati zikuperekeza maliro ena. Pofika ku labotale anapeza madzi ali chaa pansi, chitseko cha firiji chili pululu. Mayi wina waimvi, mnzawo wa malemu wa pantchito, ankanyamula timabokosi kupita nato ku firiji ina, siketi itanyowa mpaka m'mawondo.

"Pepani, bambo," anatero atawazindikira. "Injini inafa kale, kamakina kachedwa kuimba. Foni ina sikaidziwa, koma ya malemuwa yokha."

"Nanga zam'katimo?"

"Majini amene anakopera apulumuka, amenewo ndi opirira. Ntchito ipitirira." Analoza m'firijimo. "Koma maselo a mwana anali pa shelefu yapamwamba, pamene panayambira kutentha. Apita."

Mzime anatsamira khoma. Ntchito yapulumuka, mwana ayi. Mkwiyo wakale uja unawabwerera bambo, ndipo sanaubise.

"Kawiri konse," anatero. "Mwana wawafera m'manja kawiri konse, ndipo kawiri konse iwo apindula nazo."

Mayi waimvi anatenga kabokosi kamodzi patebulo, n'kukapereka ndi manja awiri.

"Aka malemu sankalola munthu kukatsegula. Ineyo, amene ndinagwira nawo ntchito kuyambira tili atsikana, sindinaonemo. Lero ndatsegula chifukwa cha ngoziyi. Malemuwa ankakalipira ophunzira akangolowetsa ulusi umodzi m'firiji muno, koma taonani."

Bambo anavundukula. Timabotolo ting'onoting'ono ngati chala cha mwana tinali m'menemo, titasungunuka. Sitinali m'mizere ngati ta m'mabokosi enawo. Tonse tinali titalowetsedwa m'kasokosi kabuluu, kakhosi kake katapindidwa bwinobwino monga amachitira mayi akamaveka mwana kunja kukuzizira.

"Ndi imeneyi, ababa?" anafunsa mzime.

Bambo anaitulutsa sokosiyo, yonyowa ndi yozizira, anaifinya madzi mosamala, n'kuilowetsa m'kati mwa malaya, pachifuwa.